Msipane, Kumene Mvula Inaletsedwa Kuthawa

Munthu akamalowa m'tauni ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, choyamba kuona ndi milu yotuwa ya dothi la mumgodi, yotalika kuposa nyumba iliyonse m'tauniyo. Azungu ankaitchula Shabani, ndipo inakula chifukwa cha asibesitosi amene anayamba kukumbidwa kumeneko cha m'ma 1916. Mgodiwo ndi umene unakoka makolo athu ambiri kuchokera ku Nyasaland, ena pa malole a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete. Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata nakakalambira komweko. Ife tinabadwira m'komboni, m'nyumba Chinyanja, panja Chikaranga, Lamulungu masana kuonera gule ndi beni. Madzi tinkatunga pampopi. Za vuto la madzi tinkangozimva kwa anzathu ochokera kumidzi, amene m'mwezi wa Okutobala ankafika m'kalasi atapita kale kumtsinje kukafukula mchenga.

Dera limenelo n'louma. Pachaka mvula imagwa pafupifupi mamilimita 570, koma nambala imeneyi imanamiza, chifukwa mvulayo siigwa mwaulemu. Imabwera yamkuntho masiku ochepa, kenako n'kudula milungu itatu kapena inayi chimanga chikufuna kumasula. Nthaka yambiri ndi yamchenga, ndipo paliponse pali matanthwe akuluakulu osalala amene eni dziko amati ruware. Thanthwe lotere lili ngati denga la malata: dontho lililonse logwa pamenepo limatsetsereka nthawi yomweyo, n'kukumana ndi anzake, n'kutsika m'minda ndi liwiro. Pakangotha maola awiri madzi onse amakhala ali mumtsinje wa Runde, ofiira ndi dothi la anthu, pa ulendo wa ku Save.

Anthu sanadzisankhire okha kuunjikana pamalo oterewa. Lamulo logawa malo la 1930 linapereka nthaka yabwino, ya mvula yambiri, kwa azungu, ndipo anthu akuda anakankhidwira m'madera ouma. Anthu ndi ng'ombe atachuluka nthaka inayamba kukokoloka, boma n'kunena kuti vuto ndi umbuli wa alimi. Mu 1951 kunabwera lamulo lina la kasamalidwe ka nthaka, limene linachepetsa ng'ombe za anthu ndi kukakamiza aliyense kukumba migula m'munda mwake. Ku Zvishavane migula imeneyi amaitcha makandiwa, ndipo nkhalamba za kumeneko zikamaitchula nkhope zimasintha. Mlangizi ankabwera ndi zikhomo zake n'kulemba mzere, wapolisi ali pambuyo. Wosakumba ankalipa chindapusa, apo ayi ankalandidwa munda.

Bambo anga akamva anzawo Achikaranga akudandaula za makandiwa ankangopukusa mutu, amvekere: "Achimwene, nkhondo imeneyo ndi yomwe tinaisiya kwathu." Ankanena za malimidwe. Ku Nyasaland nakonso anthu ankamangidwa chifukwa cha mizere ndi migula, ndipo mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Lizulu inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo amenewo posonyeza kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linaichotsa paufumu.

Koma kupatula nkhanza, makandiwa anali ndi vuto lina limene anthu sanalione msanga. Ngalande yake sinkakhala yoyezeka mofanana mbali zonse. Ankaipendeketsa dala, kutsika mita imodzi pa mamita 250 alionse, kuti madzi ayende pang'onopang'ono mpaka atuluke m'munda n'kukagwera kukhwawa. Nzeru imeneyi inali yoyenera kumafamu a kumtunda kumene mvula imachuluka mpaka kuoletsa mbewu. Kuibweretsa ku Zvishavane kunali kulamula munthu waludzu kuti akumbe ndi manja ake njira yothawitsira madzi ake omwe. Dothi linkatetezeka pang'ono, inde, koma mapira ankafota m'munda umene dzulo lake munadutsa madzi ofika m'mawondo.

M'mudzi wa Msipane, kunja kwa tauni, munali bambo wina dzina lake Zephaniah Phiri Maseko. Mayina awiri omalizawo munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu sangawamve achilendo, ndipo m'komboni tinkawatchula monyadira ngati wathuwathu. Anabadwa mu 1927, anaphunzira ku mishoni ya Dadaya, kenako anakalowa ntchito kunjanji. M'zaka za m'ma 1960 anachotsedwa ntchito chifukwa cha ndale zotsutsa boma la azungu, anatsekeredwa, ndipo potuluka anauzidwa kuti sadzalembedwanso ntchito pena paliponse. Chimene anatsala nacho ndi banja lalikulu ndi malo a mahekitala atatu, kumtunda thanthwe, pakati mchenga, kumunsi dambo.

Iwo eni ankasimba kuti anatsegula Baibulo pa Genesis, pa nkhani ya munda wa Edeni, n'kuona kuti mundawo unali ndi mtsinje wouthirira. Iwo analibe mtsinje. Anali ndi mvula yokhayo ya masiku ochepa ija. Ndiye anayamba chizolowezi chimene anansi ankachiona ngati misala: mvula ikayamba, anzawo akuthawira m'nyumba, iwo ankatuluka kukaima pathanthwe n'kumatsatira madzi. Akuchokera pati, akukumana pati, akuthamanga pati, akuima pati. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo a Phiri anafuna kulidziwa khwawa lililonse la pamalo pawo, ngakhale kakang'ono kodutsa pansi pa udzu. Mvula ikakata ankatenga miyala kukaika pamene aona kuti madzi akuchita liwiro. Mvula yotsatira inkawauza ngati aika bwino.

Ine ndinakafika pamalopo nditakula kale, m'zaka za m'ma 1990, ndi gulu la kumpingo kwathu, nthawi ya chilimwe. Njira yonse inali fumbi, ng'ombe zikuoneka nthiti. Kenako, pokhota, kunangoti biriwiri. Alendo ankayamba kuwaonetsa kumtunda, chifukwa ndi kumene madzi amayambira. Pathanthwe panali timakoma ta miyala yosanjikiza popanda simenti, tofika m'mawondo, tokhotakhota mopingasa. Sitinkatseka madzi. Tinkangowachepetsa liwiro, ndipo kumbuyo kwa kakhoma kalikonse kunali kutasonkhana mchenga ndi zinyalala mpaka udzu kumera pamwala. Patsinde pa thanthwe panali dzenje lalikulu lokumbidwa ndi manja, losawaka. Dzenje limeneli a Phiri ankalitcha imigireshoni. Ankati ndi pamene amalandirira madzi olowa m'dziko lawo, n'kuwauza kumene azikakhala. Ife ana a anthu odumpha malire tinaseka kwambiri kuposa alendo ena onse, poti makolo athu ofesi imeneyo ankaidziwa bwino.

Chodabwitsa n'chakuti dzenjelo linali louma. Mayi wina wa m'gulu lathu anang'ung'udza kuti damu lanji losasunga madzi. Koma ntchito yake inali yomweyo: kumwetsa nthaka. Madzi ankakhalamo masiku ochepa n'kulowa pansi, kumene dzuwa silingawapeze, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono mumchenga kulowera kumunsi, pansi pa nyumba, pansi pa mitengo ya mango ndi magwafa, pansi pa munda. A Phiri anali ndi kawerengedwe kawo: dzenje limenelo likadzaza katatu m'dzinja limodzi, ankadziwa kuti pansi palowa madzi okwanira kusunga mbewu zawo zambiri kwa zaka ziwiri. N'chifukwa chake ankanena kuti iwo amadzala madzi, ndiponso kuti amakwatitsa madzi ndi nthaka kuti ziwirizi zisathawitsane.

Madzi a padenga ndi a pabwalo ankalowa m'thanki. Otsukira mbale ndi osamba ankapita ku nthochi. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali m'munda, m'makandiwa a boma aja. Sanawakwirire. M'kati mwa ngalande yomweyo anakumbamo maenje motsatizana, lililonse lotalika mamita angapo, lakuya mpaka m'chiuno kapena m'chifuwa mwa munthu. Madzi oyenda m'ngalande ankayamba agwera m'dzenje loyamba. Likadzaza, otsala ankapita m'lachiwiri, kenako m'lachitatu. Otuluka m'munda anali okhawo amene nthaka yawakana. Ndinatsikira m'dzenje limodzi n'kufukula pansi ndi chala. Pansi pa masamba ouma dothi linali lozizira, lonyowa moti n'kuumbika m'manja, miyezi ingapo mvula itasiya. M'mphepete mwake munali udzu wogwira nthaka ndi mitengo ya zipatso. Ngalande imene anthu anaikumba akutukwana inali itasanduka mosungira madzi, popanda kugula chilichonse.

Kumunsi, kudambo, ndi kumene madzi onse aja ankatulukira. Kunali zitsime, china cha madzi akumwa, zina zothirira, ndi pampu yoyendetsedwa ndi bulu. Kunali maiwe a nsomba ozunguliridwa ndi bango, nzimbe ndi nthochi zothithikana moti mkati mwake munali mdima masana. Bango ankagulitsa kwa oluka. Nyemba, maungu, mbatata, ndiwo zamasamba, chimanga, mapira, zonse zinali zosakanikirana mwa njira imene mlangizi wa masiku amenewo akanaitcha uve. Mitundu ya mbewu pamalopo inkaposa 50, ndipo chifukwa chake chinali chosavuta kumva: china chikakanika, china chipulumuka.

Dambo limeneli ndi limene linawatengera kubwalo la milandu. Malamulo a Rhodesia ankaletsa kulima m'dambo kapena pafupi ndi mtsinje, pamtunda wosakwana mamita 30, ati kuopa kuumitsa mitsinje. A Phiri anagwidwa katatu. Ulendo wachitatu anapempha woweruza kuti asanagamule apite kaye akaone yekha chimene akuti chikuonongekacho. Woweruzayo anapitadi, anaona, ndipo mlandu unathera pomwepo. Kumeneko kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mtendere sunakhalitse. Nkhondo ya ufulu itafika m'deralo, mu 1976 anamangidwanso pa mlandu wothandiza omenyera ufulu, ndipo anazunzidwa koopsa, mpaka kuvulala mapewa ndi chiuno. Anthu amene anawaona pambuyo pake amakumbukira bambo wotsimphina, wanthabwala, akukwera thanthwe patsogolo pa alendo.

Mpaka apa ndi mbiri ya munthu mmodzi, ndipo ambiri olemba za a Phiri amathera pomwepa. Ine ndimaona kuti nkhani yeniyeni ndi ya zimene zinachitika kunja kwa mpanda wawo. Dziko litalandira ufulu mu 1980, anthu ambiri anasiya kusamala makandiwa, ena kuwagumula kumene, pofuna kuonetsa kuti chibalo chatha. Ndani angawadzudzule? Koma zigwembe sizinadziwe kuti boma lasintha. Kenako kunabwera chilala cha 1982 mpaka 1984. Zitsime za m'midzi zitauma, anthu ankapita kukatunga kwa a Phiri, ndipo munthu wobwera ndi ndowa amabwereranso ndi maso. Ankaona maenje aja, n'kufunsa. Ena ankakayesa limodzi kumunda kwawo, mwakachetechete, kuopa kusekedwa.

Mu 1987 a Phiri anayambitsa bungwe la Zvishavane Water Project, limodzi mwa mabungwe oyambirira m'dzikomo okhazikitsidwa ndi anthu akumudzi eni ake. Linkagwira ntchito m'maboma a Zvishavane ndi Chivi, pa zitsime, timadamu ting'onoting'ono, mathanki ndi madimba a magulu. Kagwiridwe kake kanali kosiyana ndi ka mlangizi wa zikhomo uja. Mudzi unkayenera kunena wokha chimene ukufuna, kusonkhanitsa miyala ndi mchenga, ndi kutulutsa anthu okumba. Wodziwa ntchito ankangothandiza poyeza ndi powaka. Amayi ndi amene ankachuluka pa ntchito zimenezi, ndipo n'zosadabwitsa: wosenza ndowa ndi amene amadziwa kutalika kwa njira ya kumtsinje. Dimba la gulu likakhala ndi chitsime chosaphwa, tomato ndi repu zinkapita kumsika wa m'tauni, kwa ife a m'komboni, ndalama n'kubwerera kumudzi kukalipira sukulu.

Chilala cha 1992 ndi chimene chinamaliza mkangano. Amene analipo sachiiwala. Ng'ombe zoposa miliyoni imodzi zinafa m'dziko lonse, ndipo tonse tinadya nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja. Mayi anga ankaiphika akudandaula kuti siigwira m'mimba. Chaka chimenecho ku Msipane zitsime za a Phiri zinali ndi madzi. Kuyambira pamenepo palibe amene ankafunikanso kunyengereredwa. Maenje aja anayamba kutchedwa ndi dzina la a Phiri, ndipo anafalikira ku Chivi, ku Mberengwa ndi kutali. Alendo ankabwera pa mabasi. Mmodzi wa iwo, Brad Lancaster wa ku Arizona, anafika mu 1995 ndipo atabwerera kwawo analemba mabuku a kakololedwe ka madzi a mvula, akunena poyera kuti anaphunzira kwa mlimi wa ku Zvishavane.

Chigawo cha Mazvihwa, m'boma lomwelo la Zvishavane, chinapititsa nzeruyi patsogolo. Kumeneko alimi anaona kuti m'malo mokumba maenje m'ngalande yopendekeka, ndi bwino kukumba ngalande yosapendekeka n'komwe, yoyezeka mofanana kuyambira uku mpaka uko, yotseka mbali zonse, kuti madzi akalowa asakhale ndi kopita koma pansi. Choyezera chake amapanga okha: mitengo itatu yomangidwa mwa chilembo cha A, chingwe cholendewera kuchokera pamwamba, mwala kunsonga kwake. Chingwe chikagwera pa chizindikiro cha pakati, miyendo iwiri ija yaima pofanana. Amakhoma chikhomo, n'kutembenuza mwendo umodzi, n'kuyezanso, mpaka munda wonse. Mwana wa sitandade 6 akhoza kuphunzira m'mawa umodzi. Kukumba ndiye kumafuna anthu, ndipo amakumba m'magulu, lero kwa uyu mawa kwa uyo, monga timachitira pa dima. Bungwe la Muonde Trust, la anthu a komweko, ndi limene lakhala likuyendetsa maphunziro amenewa a mlimi kwa mlimi mnzake.

Tisanamizane, si aliyense amene anasanduka Phiri. Malo awo anali ndi mwayi wake: thanthwe lokolola madzi kumtunda ndi dongo lowagwira kumunsi. Munthu wa munda wa pamtetete sangapeze maiwe a nsomba ngakhale atakumba usiku ndi usana. Ntchitoyo ndi yowawa, ya piki ndi fosholo m'nthaka youma gwa, ndipo mayi wamasiye amene ana ake onse ali ku Johannesburg sangaithe yekha ngati gulu silimukumbukira. Maenje amadzaza mchenga, amafuna kuchotsa chaka ndi chaka. Ndinaonanso midzi ina kumene mabungwe obwera ankalipira anthu chakudya kuti akumbe maenje a muyezo umodzi paliponse, pamchenga ndi padongo chimodzimodzi; chakudya chitatha, maenje anakwiririka. Amenewo anali makandiwa omwe aja, kungoti m'malo mwa wapolisi panabwera thumba la ufa. Kumene ntchito inakhalitsa ndi kumene mlimi anayamba waima pamvula m'munda mwake, n'kusankha yekha pokumba.

Ulemu unabwera mochedwa, monga mwa masiku onse. Mu 2000 kunatuluka buku la moyo wawo, The Water Harvester, lolembedwa ndi Mary Witoshynsky. Mu 2006 analandira mphotho ya National Geographic ndi Buffett ya utsogoleri pa kusamala zachilengedwe. Mu 2014 kunayamba mphotho ya dzina lawo, yoperekedwa kwa alimi a ku Zimbabwe amene atulukira njira zawozawo za ulimi. A Phiri anamwalira pa 1 Seputembala 2015, ali ndi zaka 88.

Mgodi wa asibesitosi uja unaima zaka zapitazo, ndipo ana ambiri a m'komboni, amene tinkaseka anzathu ofukula mchenga, anabalalika. Ena anapempha malo m'midzi yozungulira n'kuyamba kuphunzira khasu ali akuluakulu, ena akulima timinda m'mbali mwa makhwawa a m'tauni. Amenewa ndi amene lero amakumana ndi lamulo la mamita 30 lija, chifukwa silinachoke; boma la anthu akuda linalisunga, ndipo lili m'malamulo a zachilengedwe a 2007. Sindikunena kuti lichotsedwe, poti ndaona mitsinje yokwiririka ndi mchenga chifukwa cha makasu olima mpaka m'madzi. Koma lamulo limenelo mpaka lero limayeza mamita okha, silisiyanitsa wolima dambo moliononga ndi wolima molisunga. Kwa akuluakulu olisunga, ku Harare ngakhalenso kwathu ku Lilongwe kumene nkhani ya madimba a m'mbali mwa mitsinje ili yomweyi, pempho langa ndi lomwe a Phiri anapereka kwa woweruza uja: musanagamule, pitani kaye kumundako mukaone.